FONI NDAGULA NDINE, NANGA MAKIYI AKUSUNGA NDANI?

Lachiwiri lapitali ndidali pabenchi ya mnyamata wina wokonza mafoni mu Limbe, kudikira kuti andisinthire batire. Patsogolo panga padali mayi wina wogulitsa matimati, nkhope itachita tsinya. Foni yawo idali itadzaza mpaka kumakana kulandira uthenga. Mayiwa adali atafufuta kale zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo, nyimbo za kwaya ndi mavidiyo onse, koma foniyo imangonena chimodzimodzi kuti malo atha. Mnyamatayo atayisanthula adapezamo magemu ndi timapulogalamu tamalonda tambirimbiri, tomwe mayiwa sadatiyikemo ndiponso sadatitsegulepo chigulireni foniyo.

"Ndiye chotsani zimenezo, achimwene," adatero mayiwo.

"Sizichoka izi, mayi. Zidabwera ndi foni."

Mayiwo adakhala kaye chete, kenaka adafunsa: "Nanga foniyi ndi ya ndani? Si ndidagula ndine?"

Amalawi anzanga, mayiwa adafunsa funso lomwe ife ophunzirafe timaiwala kufunsa tikalowa m'sitolo. Timafunsa za kamera, za mtundu, za kukula kwa sikirini. Za amene asunge makiyi a foniyo tikailipira sitifunsa. Ukagula njinga ya kabaza, palibe wokuletsa kusintha chishalo kapena kuwotcherera kaliyala wamkulu. Ukagula nyumba, wogulitsa amakupatsa makiyi onse, sabisako wa kuchipinda chogona. Nanga bwanji foni, yomwe imasunga ndalama zathu, zinsinsi zathu ndi mayina a abale athu onse, timavomera kukhalamo ngati anthu a lendi?

BOMA LA M'FONI

Foni iliyonse yamakono ili ndi pulogalamu yaikulu yomwe imalamulira zonse. Ndi iyo imaloleza kapena kukaniza app kuyatsa kamera, kumvetsera zokamba zanu, kudziwa pomwe muli, kapena kudya bandulo yanu usiku inu muli mtulo. Ine ndimayitcha boma la m'foni. Kale mabomawa adali angapo: Symbian ya m'mafoni a Nokia, BlackBerry, ndi Windows Phone. Onsewo adagwa. Akuluakulu omwe atsala m'misika yathu ndi awiri. Loyamba ndi iOS ya kampani ya Apple, yomwe imapezeka mu iPhone mokha, foni yomwe idatuluka mu 2007. Lachiwiri ndi Android, yomwe kampani ya Google idagula mu 2005 ndipo idayamba kupezeka m'mafoni mu 2008. Samsung, Tecno, Itel, Infinix ndi Xiaomi zomwe zadzaza m'matumba athu, zonsezo m'kati mwake ndi Android.

Choncho pogula foni mumakhala mukuponya voti yosankha boma lomwe likulamulireni zaka zitatu kapena zisanu zikubwerazi. Ine voti yanga sindibisa: ndimavotera Android. Koma ndimavota nditatsina mphuno, ndipo chifukwa chake ndinena.

Tinene chilungamo, iPhone ndi katundu wopangidwa mwaluso. Imalandira zigamba zachitetezo kwa zaka zambiri, ndipo wakuba amavutika nayo. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu iPhone ya Mmalawi, app iliyonse imalowera pachipata chimodzi chokha, chotchedwa App Store, ndipo mlonda wa pachipatapo ndi Apple. Chomwe mlondayo wakana, inu mwini foni simungachiyikemo ngakhale mutalira misozi ya magazi.

Wina anena kuti palibe vuto, poti mlondayo ndi munthu wabwino. Tiyeni tione ntchito zake. Mu Julaye 2017, boma la China litalamula, Apple idachotsa m'sitolo yake ya m'dzikomo ma app a VPN, omwe anthu amadutsira mpanda wa boma kuti awerenge nkhani zoletsedwa. Mu Okutobala 2019 idachotsa HKmap.live, app yomwe anthu ochita zionetsero ku Hong Kong amadziwira pomwe pali apolisi ndi utsi wokhetsa misozi. Mu Epulo 2024 idachotsa WhatsApp ndi Threads m'sitolo ya ku China. Chaka chomwecho idachotsanso ma app a VPN ku Russia boma la Vladimir Putin litauza kuti itero. Mlonda yemwe ali ndi malonda oti ateteze amamvera mwini mfuti.

Nayo Google si mngelo. Mu Sepitembala 2021, tsiku loyamba kuponya voti pachisankho cha aphungu ku Russia, Apple ndi Google onse awiri adachotsa m'masitolo awo app ya gulu la Alexei Navalny yomwe imalangiza anthu momwe angavotere kuti agwetse chipani cholamula. Onse adagwada. Koma kusiyana kudali apa: mwini Android adakatha kutenga fayilo ya app imeneyo kwa mnzake n'kuyiyika yekha, monga momwe timapatsirana ma app pa Bluetooth kapena pa Xender bandulo ikatha. Mwini iPhone adangotsala kukamwa yasa.

Ine ndidabadwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha kale, koma makolo athu amatiuza momwe zinthu zidalili. Kulowa mumsika kapena kukwera basi kumafuna khadi ya chipani, ndipo buku limayamba ladutsa ku bungwe lounika mabuku lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Kalata ya mabishopu a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 boma lidayitcha youkira, kupezeka nayo udali mlandu, komabe idafika ponseponse chifukwa anthu amayikopera ndi kupatsirana pamanja. Kukadakhala kuti makina onse okopera mapepala amayamba apempha chilolezo kwa mlonda mmodzi, kodi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ikadachitika? Ndipo tisamayese kuti izi ndi za kutali. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp ndi Facebook zidatsekedwa, ndipo anthu adathawira ku VPN. Ku Mozambique zidachitikanso chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

MALOKO ATATU

Tsono tikamanena za kutsegula foni tisasokoneze zinthu, pakuti maloko a m'foni alipo amitundu itatu.

Woyamba ndi loko wa netiweki, uja amachititsa kuti foni yomwe m'bale wanu watumiza kuchokera ku America ikane simu khadi yakuno. Loko ameneyu sateteza munthu aliyense, amangomangirira wogula ku kampani imodzi ya lamya. Ku America adachita kukhazikitsa lamulo mu 2014 lolola munthu kumutsegula, ndipo ku Britain adaletseratu kugulitsa mafoni otsekedwa motere kuyambira mu Disembala 2021.

Wachiwiri ndi loko wa wakuba, uja amafuna akaunti ya iCloud kapena ya Google ya mwini wake foni ikafufutidwa. Ameneyu ndilibe naye mkangano. Amene amathyola loko ameneyu pa foni yotsomphola m'basi ndi mbava, ndipo wokonza mafoni yemwe amawathandiza ndi mbava inzawo. Chimodzimodzinso foni yangongole yomwe imazima ukaphonya kulipira: ngongole isadathe, katunduyo sadakhale wako. Koma tsiku lomwe wamaliza kulipira tambala yotsiriza, lokoyo achoke yense, asatsalemo ndi kachingwe komwe.

Wachitatu ndiye mutu wa nkhani yanga. Ameneyu ndi loko wotsekera mwini foni kunja kwa nyumba yake. Foni ikamayaka, pamayamba kudzuka kapulogalamu kotchedwa bootloader, kamene kamaona ngati boma la m'foni lili ndi chidindo cha kampani. Likakhala lopanda chidindo, foni siyaka. Kutsegula bootloader ndiko kuuza kapulogalamuka kuti mwini nyumba ndine, alendo ndisankha ndekha. Ukatero ungathe kutenga mphamvu zonse za m'foni, zomwe akatswiri amati root, kapena kuchotseratu Android ya kampani n'kuyikamo ina. Ku iPhone mchitidwe wofanana nawo amautcha jailbreak, kutanthauza kuthyola ndende. Dzina lokhalo likuuzeni momwe eni ma iPhone amaonera malo omwe akukhala.

Nkhondo yolimbirana makiyiwa ndi yakale ngati iPhone yomwe. Mu Ogasiti 2007, mnyamata wa zaka 17 wa ku New Jersey, George Hotz, adatsegula iPhone yoyamba ndi chitsulo chowotcherera kuti igwire ntchito kunja kwa netiweki ya AT&T. Mu 2008 Jay Freeman adayambitsa Cydia, sitolo ya ma app omwe Apple imakana. Apple idapita ku boma la America kukadandaula kuti kuthyola ndendeku n'kuphwanya lamulo, mpaka kuopseza kuti kungagwetse nsanja za netiweki. Mu Julaye 2010 boma lidagamula kuti munthu wothyola loko wa foni yake sakuswa lamulo loteteza eni mapulogalamu. Nsanja sizidagwe. Koma Apple sidagone: chaka ndi chaka yakhala ikumata ming'alu, moti ma iPhone atsopano n'ngovuta zedi kuwathyola. Lamulo limakulola kutuluka, koma khoma lakwera.

Ku Android zidayamba mosiyana, chifukwa phata lake ndi Linux, pulogalamu yaulere yomwe Linus Torvalds adayamba mu 1991, ndipo malemba ake aliyense angawawerenge ndi kuwasintha. Ndiye chifukwa chake mu 2009 kudabadwa CyanogenMod, Android yophikidwa ndi anthu wamba odzipereka, yomwe itatha mu Disembala 2016 idasiya mwana wake LineageOS. Palinso GrapheneOS, yomwe cholinga chake chachikulu ndi chitetezo ndi chinsinsi.

PHINDU LAKE NDI LOTANI?

Wina afunsa kuti kodi zonsezi zimupindulira chiyani munthu wa ku Ndirande kapena ku Mchesi. Ndiyankha ndi zitatu.

Choyamba ndi moyo wa foni. Kampani ikasiya kutumiza zigamba zachitetezo, foni imayamba kufa ili yamoyo: sikirini ili bwino, batire ikugwira, koma ma app amayamba kuyikana. Mu 2025 WhatsApp idasiya kugwira ntchito pa iPhone 5s, iPhone 6 ndi iPhone 6 Plus, ndipo eni ake analibe kolowera. Pomwe foni ya Android yotseguka, ngati ili pamndandanda wa LineageOS, imatha kulandira Android yatsopano zaka zingapo kampani itayitaya. Kwa munthu wa ku London, foni yakale ndi chinyalala. Kwa ife ogula pakaunjika, foni yomweyo ndi ndalama za matumba a feteleza.

Chachiwiri ndi kuchotsa alendo osayitanidwa, ngati aja adadzaza foni ya mayi wa matimati. Ena mwa alendowa samangodya malo, amaba. Mu Ogasiti 2020, akatswiri a Secure-D adaulula kuti mafoni a Tecno W2 okwana pafupifupi 53,000, ogulitsidwa m'maiko monga Ethiopia, Ghana, Cameroon ndi South Africa, adatuluka m'bokosi ali kale ndi pulogalamu yakuba yotchedwa Triada, yomwe imayesa kulembetsa anthu ku zinthu zolipira iwo osadziwa. Kampani yopanga mafoniwa idati vutolo lidachokera kwa wina yemwe imagwira naye ntchito, ndipo idatulutsa chigamba. Chabwino. Koma taganizani: wakuba adalowa ndi kiyi wa kufakitale, pomwe mwini foni analibe kiyi womutulutsira.

Chachitatu ndi kukana boma likafuna kukhala m'thumba mwako. Kuyambira pa 1 Sepitembala 2025, mafoni ogulitsidwa ku Russia amayenera kubwera ndi app yotumizirana mauthenga yotchedwa Max, yomwe boma limayikonda. Kumapeto kwa Novembala 2025 boma la India lidalamula kuti mafoni onse atsopano azibwera ndi app yake ya Sanchar Saathi, ndipo lidabweza lamulolo patangopita masiku ochepa anthu atakuwa. Foni yomwe mwini wake sangachotsemo kanthu ndi munda wolimidwa kale, wongodikira wolamula aliyense kuti adzalemo mbewu yake.

WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI

Sindikulemba izi kuti mawa m'mawa aliyense athamangire kukaflasha foni. Kutsegula foni kuli ndi mtengo wake, ndipo wobisa mtengowo ndi wabodza. Mukatsegula bootloader, zonse za m'foni zimafufutika, choncho sungani kaye zithunzi ndi manambala kwina. Makampani ambiri amakana kukonza mwaulere foni yotsegulidwa. Mu Samsung muli kafyuzi kotchedwa Knox komwe kakapsa sikabwereranso, ndipo zina monga Secure Folder zimafera pomwepo. Ma app ambiri a mabanki amafunsa kaye kwa Google ngati foni ili ndi chidindo, ndipo akamva kuti yatsegulidwa amakana kugwira ntchito. Mukalakwitsa fayilo, foni imasanduka njerwa. Mukatenga mapulogalamu kwa anthu osadziwika, mwaitana fisi kukhola: mu 2015 pulogalamu yakuba ya KeyRaider idaba maakaunti a Apple oposa 225,000 m'ma iPhone othyoledwa.

Kwa anzanga atolankhani ndi omenyera ufulu ndiwonjezera ichi. Mu Epulo 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe ndi kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa yemwe adamupatsa chikalata cha boma. Foni yomwe bootloader yake yasiyidwa pululu ndi yosavuta kuyiseweretsa ikagwa m'manja mwa ena. Choncho foni yosunga mayina a okutsinani khutu musayisiye yotsegula. Ubwino wa GrapheneOS pa foni ya Pixel ndi woti ukamaliza kuyiyika umatsekanso chitseko, foni n'kumazindikira boma lomwe wasankha iwe. Zoyesayesa kachitireni pa foni yachiwiri, yopanda ndalama ndi zinsinsi.

Apa ndiye pomwe makampani amaimirira n'kunena kuti: mwaona, timatseka pofuna kukutetezani. Mawu amenewa tidawamvapo. Nawonso a chipani chimodzi ankati matipate ndi nkhondo, Amalawi sadakhwime, bata ndi mtendere zimafuna mtsogoleri mmodzi. Zoona, akathyali alipo, ndipo agogo athu amaberedwa ndi mauthenga abodza tsiku ndi tsiku. Koma mankhwala ake adapezeka kale. Foni ibwere yotseka. Wofuna kutsegula achite dala, achenjezedwe, zonse za m'kati zifufutike kuti wakuba asapindule, ndipo nthawi iliyonse ikamayaka izionetsa chenjezo. Umu ndi momwe mafoni a Pixel amachitira, ndipo dziko silidathe. Kuchenjeza munthu wamkulu ndi ulemu. Kumulanda makiyi a nyumba yake kuti angadzipweteke ndi chipongwe.

CHITSEKO CHIKUTSEKEKA

Ndidati ndimavotera Android nditatsina mphuno. Chifukwa chake ndi ichi: nawonso a Android ayamba kusirira ndende ya anzawo. Huawei idasiya kupereka manambala otsegulira bootloader mu 2018. Xiaomi imafuna kuti upemphe chilolezo ndi kudikira masiku, ngati ukupempha pasipoti. Mu 2025 Samsung idachotsa batani lotsegulira mu One UI 8. Mu Ogasiti chaka chomwecho Google idalengeza kuti aliyense wopanga app adzayenera kudzilembetsa kwa iyo ndi ziphaso zake, ngakhale app yakeyo isadutsire m'sitolo ya Google, ndipo idati iyambira ku Brazil, Indonesia, Singapore ndi Thailand. A F-Droid, sitolo ya ma app aulere, adachenjeza kuti zimenezi zingawaphe. Phokoso litakula, mu Novembala Google idalonjeza kusiya kanjira ka anthu odziwa zomwe akuchita. Kanjira kopatsidwa mwachifundo kamalandidwanso mwakachetechete.

Chopweteka kwambiri n'choti wosauka ndiye womangidwa zolimba. Google ndi Samsung zidalonjeza zigamba za zaka 7 pa mafoni odula monga Pixel 8 ndi Galaxy S24. Mafoni otchipa omwe ambirife timakwanitsa amalandira kwa kanthawi kochepa, ndipo ambiri mwa iwo pamndandanda wa LineageOS palibe. Wolemera ali ndi zigamba ndi makiyi omwe. Mayi wa matimati alibe chilichonse mwa ziwirizi.

Kodi makampaniwa sagonja? Amagonja akakumana ndi lamulo. Apple, yomwe inkalumbira kuti chipata chachiwiri n'chosatheka, idalola masitolo ena a ma app m'maiko a European Union mu Malichi 2024 lamulo litayikakamiza, ndipo mu Epulo 2025 idalipitsidwa chindapusa cha mayuro 500 miliyoni chifukwa chophwanya mbali ina ya lamulo lomwelo. Kuyambira pa 20 Juni 2025, foni yogulitsidwa kumeneko iyenera kulandira zigamba kwa zaka zosachepera 5 chisiyireni kugulitsidwa. Ku South Korea boma lidalamula kale mu 2014 kuti ma app osafunikira obwera ndi foni azitheka kuchotsedwa. Zomwe zimatheka ku Brussels ndi ku Seoul zimalephereka bwanji ku Limbe? Kodi ndalama yathu ndi yamasamba?

Ndikudziwa kuti Malawi payekha ndi msika waung'ono, ndipo mutu umodzi susenza denga. Koma bungwe la COMESA loona za mpikisano pamalonda, lomwe limayimira maiko 21, likulu lake lili mu Lilongwe momwemu. Tili ndi MACRA, tili ndi Competition and Fair Trading Commission, tili ndi bungwe la ogula la CAMA, tili ndi aphungu omwe mafoni awo timawagulira ndife. Kwa onsewa ndikupempha zinayi. Wogulitsa azilemba poyera zaka zomwe foni idzalandire zigamba, komanso ngati imatseguka kapena ayi. App iliyonse yosafunikira pa kayendedwe ka foni izitheka kuchotsedwa. Kampani ikasiya kusamalira foni, izipereka makiyi kwa mwini wake. Ndipo Nyumba ya Malamulo iletseretu boma lililonse, la lero kapena la mawa, kukakamiza app yake m'mafoni a anthu.

Kwa inu owerenga, safunsa adadya phula. Musadapereke ndalama pa foni ya Android, lowani mu Settings, pitani pa About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri, kenaka mu Developer options muyang'ane mawu oti OEM unlocking. Akakhala kuti palibe, kapena alipo koma sakudinika, funsani chifukwa chake, pakuti ngakhale ma Pixel ena ochokera ku makampani a lamya a ku America ndi okhomedwa mpaka kalekale. Mwina simudzatsegula foniyo moyo wanu wonse, ndipo palibe cholakwika. Ambiri sitidayimepo pachisankho, koma tsiku lomwe wina adzatiletse kuyima tidzadzaza misewu.

Mayi aja, mnyamata wokonza mafoni adangokwanitsa kugoneka timapulogalamu tingapo ndi kusesa zinyalala zina kuti uthenga uzilowa. Adalipira, adamanga foni yawo pansonga ya chitenje, n'kubwerera kumatimati awo. Magemu a kampani adakali m'foni muja mpaka lero. Zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo ndiye zidapita.